Ray tracing: mmene Vulkan imalamulira kompyuta kulondola kuwala

Ray tracing ndi njira yojambulira zithunzi pa kompyuta polondola kumene kuwala kumadutsa, mzere umodziumodzi. Maziko ake ndi zinthu zodziwika kwa aliyense. M'nyumba ya malata imene muli utsi, dzuwa likalowera pa kabowo ka msomali, kuwala kumaoneka ngati ndodo yowongoka kuchokera kudenga kufika pansi. Kuwalako sikukhota pokhapokha kutakumana ndi chinthu. Kukagunda kalilole kumanjanja n'kubwerera. Kukalowa m'madzi kumapindika, n'chifukwa chake mthiko woviikidwa mu ndowa ya madzi umaoneka ngati wathyoka. Kukagunda khoma la njerwa kumamwazikira mbali zonse kutatenga mtundu wa njerwazo. Ndipo pamene mizere yochokera kudzuwa yatchingidwa pamakhala mthunzi. Kompyuta ikawerengera bwino zinthu zinayi zimenezi imatulutsa chithunzi chofanana ndi chojambulidwa ndi kamera.

Kwa zaka zambiri njirayi inali makamaka ya ofufuza ndi opanga mafilimu, chifukwa chithunzi chimodzi chinkatenga mphindi zambiri, mwinanso maola. Kuyambira mu 2018, zipangizo zojambulira zithunzi mu kompyuta, zotchedwa GPU, zinayamba kubwera ndi tizigawo timene ntchito yake ndi kulondola mizere ya kuwala basi. Komabe chipangizo pachokha sichijambula kanthu. Pamafunika wolemba mapulogalamu woti asanje zinthu zonse zooneka m'chithunzi, auze chipangizocho kumene mizere iyambire, ndi zoti zichitike mzere ukagunda chinthu. Vulkan ndi imodzi mwa njira zoperekera malamulo amenewa.

Chiyambi cha nzeruyi

Ena mwa anthu ophunzira akale, monga Euclid ndi Ptolemy, ankaphunzitsa kuti diso ndilo limatulutsa mizere yokagunda zinthu. Ibn al-Haytham, wobadwira ku Basra amene anagwira ntchito ku Cairo, anasonyeza m'buku lake la za kuwala, lolembedwa pakati pa 1011 ndi 1021, kuti kuwala kumachoka pa zinthu n'kulowa m'diso. Ray tracing imavomereza mfundo ya Ibn al-Haytham, koma powerengera imayenda chobwerera, kuyambira kudiso. Chifukwa chake n'chakuti mwa mizere yosawerengeka yochoka pa nyali, yochepa zedi ndi imene imafika m'diso la woonera, choncho kuilondola yonse n'kutaya nthawi. Njira ya kuwala ndi yomweyo, kaya munthu aiyambire kunyali kaya kudiso.

Mu 1525 Albrecht Dürer wa ku Nuremberg anasindikiza chithunzi cha amuna awiri akujambula chida choimbira cha zingwe. Ulusi unadutsa pa kangowe kokhomedwa pakhoma, pamalo oimira diso. Nsonga ya ulusiwo inkagunditsidwa pa chidacho, ndipo pamene ulusi wadutsa pa felemu yoimikidwa pakati ankaikapo kadontho papepala. Kadontho ndi kadontho, chithunzi chinkatuluka. Kompyuta imachita zomwezo: sikirini ndiyo felemu, ndipo timadontho ta pa sikirini, totchedwa mapikiseli, ndito timadontho ta papepala paja.

Arthur Appel wa ku IBM anafotokoza za kuponya mizere kuchokera kudiso pa kompyuta mu 1968. Mu 1980 Turner Whitted wa ku Bell Labs anasindikiza njira yopitirira pamenepo: mzere ukagunda chinthu, pamalopo pabadwe mizere ina, wina wolunjika kunyali kuti udziwitse ngati pali mthunzi, wina wonjanja ngati wa pa kalilole, wina wolowa m'kati mwa galasi. Chithunzi chake chotchuka, cha timipira pamwamba pa pansi pa mabokosimabokosi, chinatenga mphindi 74 pa kompyuta ya VAX-11/780. Mu 1986 James Kajiya wa ku Caltech analemba masamu amodzi ofotokoza kuyenda konse kwa kuwala, pamodzi ndi njira yotchedwa path tracing, imene imalola mzere kunjanja kangapo molowera mbali zosankhidwa mwamaere. Opanga mafilimu anaitenga nzeruyi pang'onopang'ono. Filimu ya Cars, yopangidwa ndi Pixar mu 2006, inagwiritsa ntchito ray tracing pojambula kunyezimira kwa matupi a magalimoto.

Vuto la nthawi

Wopanga filimu angathe kudikira maola kuti chithunzi chimodzi chithe. Magemu a pa kompyuta alibe mwayi umenewo, chifukwa chithunzi chimasintha malinga ndi zimene wosewera wachita nthawi yomweyo. Gemu yoonetsa zithunzi 60 pa sekondi ili ndi mamilisekondi 16.7 okha pa chithunzi chilichonse. Sikirini ya mapikiseli 1920 m'litali ndi 1080 m'lifupi ili ndi mapikiseli 2,073,600. Kuponya mzere umodzi wokha pa pikiseli iliyonse kumafuna mizere yoposa 124 miliyoni pa sekondi, osawerengera ya mithunzi ndi yonjanja.

N'chifukwa chake magemu akhala akudalira njira ina yotchedwa rasterization. Chinthu chilichonse chooneka m'gemu, kaya ndi munthu, galimoto kapena mtengo, chimaumbidwa ndi mathirayango ang'onoang'ono ambirimbiri olumikizana. Rasterization imatenga thirayango imodzi, n'kupeza mapikiseli amene yaphimba pa sikirini, n'kuwapaka mtundu, kenako n'kutenga ina. Njirayi ndi yachangu kwambiri, koma pojambula thirayango imodzi GPU sidziwa zimene zaizungulira. Mithunzi ndi zithunzi za m'madzi zimachita kupekedwa ndi njira zapadera, ndipo njirazo zili ndi malire: nthawi zambiri nyumba yooneka m'chithaphwi imazimiririka wosewera akangoweramitsa kamera moti nyumbayo yatuluka pa sikirini.

Zinthu zinasintha mu 2018. Mu March chaka chimenecho Microsoft inalengeza DirectX Raytracing, imene imafupikitsidwa kuti DXR. Mu August NVIDIA inaonetsa ma GPU a GeForce RTX 20, okhala ndi tizigawo totchedwa RT core, ndipo mu November gemu ya Battlefield V inayamba kuonetsa kunyezimira kwa ray tracing. AMD inatsatira mu November 2020 ndi Radeon RX 6000, mwezi womwewo umene PlayStation 5 ndi Xbox Series X zinatuluka zili ndi luso lomweli. Intel inabwera ndi ma GPU a Arc mu 2022.

Vulkan ndi chiyani

API ndi mndandanda wa malamulo amene pulogalamu imagwiritsa ntchito polankhula ndi chipangizo. Vulkan ndi API ya zithunzi imene bungwe la Khronos Group linatulutsa mu February 2016, kuchokera pa maziko a Mantle ya AMD. Imagwira ntchito pa Windows, Linux ndi Android, pamene DirectX 12 ndi ya Windows ndi Xbox, ndipo Metal ndi ya zipangizo za Apple. Zonse zitatu zimatchedwa zapafupi ndi chipangizo chifukwa zimasiyira wolemba pulogalamu ntchito zimene kale, mu API yakale ya OpenGL, driver, pulogalamu yoyendetsa GPU, inkachita payokha mobisika: kugawa memory, kusanja malamulo opita ku GPU, ndi kuonetsetsa kuti ntchito ina yatha ina isanayambe. Kusiyana kwake kuli ngati kwa munthu wopatsa kontilakitala ntchito yonse yomanga nyumba ndi munthu wogula yekha simenti, njerwa ndi malata n'kumayang'anira amisiri. Wachiwiriyu sawononga kanthu ngati akudziwa chochita, koma cholakwika chilichonse ndi chake. Pulogalamu ya Vulkan yongojambula thirayango imodzi imafika pafupifupi mizere 1,000 ya zolemba.

Ray tracing sinali mu Vulkan poyamba. Inayamba kubwera kudzera mu zowonjezera za NVIDIA yokha, kenako mu zowonjezera za makampani onse zimene Khronos inamaliza mu November 2020. Zikuluzikulu ndi zitatu: VK_KHR_acceleration_structure, VK_KHR_ray_tracing_pipeline ndi VK_KHR_ray_query. Choyamba chimene pulogalamu imachita ndi kufunsa GPU ngati ili ndi zowonjezerazi, ndi kuwerenga malire ake, chifukwa ma GPU a makampani osiyana safanana.

Mabokosi m'kati mwa mabokosi

Funso limene ray tracing imayankha mobwerezabwereza ndi limodzi: mzere uwu wagunda thirayango iti poyamba? Malo okhala ndi mathirayango 1,000,000, atayesedwa onse ndi mzere wa pikiseli iliyonse, angafune mayeso oposa 2 thiriliyoni pa chithunzi chimodzi. Palibe chipangizo chingathe zimenezo m'mamilisekondi 16.7. Changu chonse cha ray tracing chagona pa kupewa mayeso osafunika.

Mathirayango oyandikana amaikidwa m'kabokosi kongoyerekezera, timabokosi toyandikana timaikidwa m'bokosi lalikulu, mpaka malo onse alowe m'bokosi limodzi. Mzere umayesedwa ndi bokosi lalikulu kaye. Ukaliphonya, zonse za m'kati mwake zimadumphidwa. Ukaligunda, umayesedwa ndi mabokosi a m'kati, n'kumatsika choncho mpaka kufika pa mathirayango ochepa. Wofunafuna munthu sagogoda khomo lililonse m'dziko: amayamba ndi boma, kenako dera la mfumu yaikulu, kenako mudzi, kenako banja. Ngati bokosi lililonse ligawidwa pawiri, mathirayango 1,000,000 amafikika potsika masitepe pafupifupi 20. Kasanjidwe kameneka kamatchedwa BVH, ndipo kuyesa mzere ndi bokosi kapena ndi thirayango ndiyo ntchito imene tizigawo tapadera ta mu GPU tinapangidwira. RT core ya NVIDIA imayendetsanso yokha kutsika m'mabokosiwo, pamene mu Radeon RX 6000 tizigawoto timangoyesa kugunda, kutsikako kumayendetsedwa ndi pulogalamu.

Vulkan imatcha kasanjidweka acceleration structure, ndipo imakagawa pawiri. Gawo lapansi, BLAS, limasunga mathirayango a chinthu chimodzi, mwachitsanzo mpando. Gawo lapamwamba, TLAS, ndi mndandanda wa malo amene zinthuzo zaikidwa. Holo ya mipando 200 yofanana sifuna ma BLAS 200. Imafuna BLAS imodzi, ngati chikombole chimodzi choumbira njerwa zambiri, ndi malo 200 mu TLAS. Malo aliwonse amasunga manambala 12 onena pamene mpandowo uli, kumene wayang'ana ndi kukula kwake. Mpando ukasunthidwa, BLAS yake sikhudzidwa. TLAS yokha ndiyo imamangidwanso, ndipo popeza ndi yaing'ono, magemu ambiri amaimanga mwatsopano pa chithunzi chilichonse.

Pomanga BLAS, pulogalamu imapereka adiresi ya memory imene muli nsonga za mathirayango, kenako imafunsa driver kuchuluka kwa malo ofunika pogwiritsa ntchito lamulo la vkGetAccelerationStructureBuildSizesKHR. Yankho limanena malo osungira BLAS yomalizidwa ndi malo ena ongogwirirapo ntchito pomanga. Wolemba pulogalamu amagawa yekha malo onsewa, n'kutumiza lamulo lomanga ku GPU. Amasankhanso pakati pa kumanga mosamala kuti mizere idzayende mwachangu, kumene kumayenera nyumba ndi misewu yosasintha, ndi kumanga mofulumira, kumene kumayenera zinthu zosintha maonekedwe. Munthu woyenda m'gemu, amene miyendo ndi manja ake zikupindika, BLAS yake imatha kungokonzedwa posuntha makoma a mabokosi osayambiranso. Koma maonekedwe akasintha kwambiri mabokosi amakula n'kulowana, mizere imayamba kuchedwa, ndipo pamafunika kumanganso. Mmene BVH yasanjidwira m'kati ndi chinsinsi cha wopanga GPU. Pulogalamu singathe kuwerengamo.

Ulendo wa mzere umodzi

Timapulogalamu toyenda pa GPU timatchedwa ma shader. Timalembedwa m'chinenero cha GLSL kapena HLSL n'kusandutsidwa kukhala SPIR-V, imene Vulkan imalandira. Ray tracing ili ndi mitundu yake ya ma shader, ndipo ntchito zake zimamveka bwino potsatira pikiseli imodzi pa chithunzi cha chipinda chokhala ndi windo limodzi, tebulo lofiira, ndi tambula ya galasi ya madzi patebulopo.

Ulendo umayamba ndi ray generation shader, imene imayenda kamodzi pa pikiseli iliyonse. Imawerengera zinthu zinayi zofotokoza mzere: poyambira, kumene walunjika, mtunda waufupi umene kugunda kuyambire kuwerengedwa, ndi mtunda wautali umene kufufuza kulekere. Kenako imaitana traceRayEXT, n'kupatsa mzerewo kathumba ka manambala kotchedwa payload, kobweretsera yankho. Apa tizigawo ta GPU timatenga ntchito, n'kutsika mu TLAS ndi mu BLAS.

Mzere uja ukagunda tebulo pafupi ndi tambula, closest hit shader imadzutsidwa. Chipangizo chimaiuza zochepa: nambala ya chinthu, nambala ya thirayango, mtunda, ndi manambala awiri osonyeza malo enieni m'kati mwa thirayangoyo. Zina zonse, monga mtundu wa thabwa ndi kumene nkhope ya thirayango yayang'ana, shader imakazitenga yokha ku memory. Kuti idziwe ngati malowo ali padzuwa, imaponya mzere wachiwiri wolunjika kudzuwa kudzera pa windo. Mzere wa mthunziwu sufuna kudziwa chinthu chapafupi kwambiri. Chilichonse chotchinga ndi chokwanira, choncho umalamulidwa kuleka ukangogunda chinthu choyamba. Ukatuluka pa windo osagunda kanthu, miss shader ndiyo imayankha, ndipo malowo amawalitsidwa.

Mzere wa pikiseli yoyandikana nayo ukagunda tambula, mizere iwiri imabadwa: wonjanja, umene ungakabweretse chithunzi cha windo, ndi wolowa m'galasi ndi m'madzi, umene umapindika n'kukagunda tebulo pamalo ena. Apa pali msampha wodziwika. Mzere wobadwira pankhope ya chinthu ungathe kugunda thirayango yomwe waichokera, chifukwa manambala a kompyuta salondola mpaka mapeto, ndipo chithunzi chimadzaza ndi timadontho takuda. Mankhwala ake ndi kuyambitsa mzerewo kamtunda pang'ono kuchoka pankhopepo.

Palinso ma shader ena. Any hit shader imayenda pa thirayango iliyonse yosatsimikizika kuti ndi yotchinga, monga ya tsamba la mtengo lojambulidwa pa kapepala kamene mbali zina n'zoonekera. Imasankha ngati mzere waima kapena wadutsa. Popeza imasokoneza kuyenda kwa chipangizo, chinthu chilichonse chosaonekera m'kati chimalembedwa kuti n'chotchinga kuti shader imeneyi isadzutsidwe. Intersection shader ndi ya zinthu zosaumbidwa ndi mathirayango, monga mpira wofotokozedwa ndi masamu okha. Kuponya mzere m'kati mwa shader yodzutsidwa ndi mzere wina kulinso ndi malire, ndipo Vulkan imangolonjeza sitepe imodzi pa GPU iliyonse. N'chifukwa chake olemba ambiri amabweza yankho ku ray generation shader, kuti iyo iziponya mzere wotsatira mobwereza.

Tebulo lolumikiza ndi dongosolo la ntchito

Chipinda chija chili ndi thabwa, galasi, madzi ndi khoma, chilichonse ndi shader yake. GPU imadziwa yoyenera kudzutsa poyang'ana mu shader binding table, tebulo limene wolemba pulogalamu amalemba yekha mu memory. Gulu lililonse la ma shader ogwirira limodzi lili ndi chizindikiro cha ma byte 32 chochokera kwa driver, ndipo zizindikirozi zimakopedwa m'zigawo zosiyana za tebulolo motsatira mipata imene GPU yanena. Mzere ukagunda, malo a m'tebulo amawerengedwa pophatikiza nambala yosungidwa mu TLAS, nambala ya gawo la chinthucho, ndi nambala ya mtundu wa mzere. Apa ndi pamene ophunzira ambiri amapunthwa. Kuphonya ndi malo amodzi kumachititsa tebulo la thabwa kuoneka ngati galasi. Kuphonya mipata kumadetsa sikirini yonse kapena kuimitsa GPU.

Zonse zikakonzeka, lamulo la vkCmdTraceRaysKHR limatumizidwa ndi kukula kwa chithunzi m'litali ndi m'lifupi. GPU imagwira ntchito zambiri nthawi imodzi, ndipo Vulkan siyembekezera kuti ina ithe pokhapokha itauzidwa. Wolemba pulogalamu amaika zotchinga zotchedwa barrier: BLAS ithe TLAS isanamangidwe, TLAS ithe mizere isanaponyedwe, mizere ithe chithunzi chisanaonetsedwe. Barrier yoiwalika ndi yovuta kuigwira, chifukwa pulogalamu ingayende bwino pa GPU ina n'kumaphethira pa ina. Pofuna kugwira zolakwika zotere, olemba amayatsa validation layers, zida zimene zimayang'ana lamulo lililonse n'kuchenjeza pamene malamulo a Vulkan aphwanyidwa.

Njira yachidule ndi ray query. Imalola shader wamba kuponya mzere n'kulandira yankho pomwepo, popanda tebulo lolumikiza. Imakwanira bwino pa mafunso osavuta monga a mithunzi.

Kugawa mizere yochepa

Ngakhale ndi tizigawo tapadera, gemu imakwanitsa mizere yochepa chabe pa pikiseli, pamene filimu imagwiritsa ntchito mazana kapena masauzande. Mizere yosankhidwa mwamaere ikachepa, chithunzi chimaoneka ngati chawazidwa mchenga, ndipo masamu ake ndi ouma: kuchepetsa mchengawo ndi theka kumafuna kuchulukitsa mizere kanayi. Choncho magemu amasefa chithunzi ndi mapulogalamu otchedwa denoiser, amene amabwereka kuwala kwa mapikiseli oyandikana ndi kwa zithunzi zapitazo. Ambiri amajambulanso chithunzi chaching'ono n'kuchikulitsa ndi DLSS ya NVIDIA, FSR ya AMD kapena XeSS ya Intel. Kubwereka zakale kuli ndi mtengo wake: nyali ikazimitsidwa mwadzidzidzi, kuwala kwake kungatsalire kwa kanthawi.

Vuto lina ndi kumwazika kwa ntchito. GPU imayendetsa ntchito m'magulu, 32 pa gulu pa ma GPU a NVIDIA, ndipo gulu limathamanga pamene onse akuchita chinthu chimodzi. Mizere yochoka pa kamera imayenda moyandikana, koma ikanjanja pakhoma imabalalika: wina ukagunda thabwa, wina galasi, wina ukatuluka pa windo. Gululo limayenera kuyendetsa shader iliyonse payokha ena akudikira. Mu 2022 NVIDIA inabweretsa Shader Execution Reordering mu ma GPU a RTX 40, imene imasanjanso mizere kuti yofuna shader imodzi iyendere limodzi.

Pa zifukwa zimenezi magemu ambiri amasakaniza njira ziwiri: rasterization imajambula zimene kamera ikuona, ndipo ray tracing imasungidwira mithunzi, kunyezimira ndi kuwala konjanja pamakoma. Ochepa amadalira path tracing pa kuwala konse. Quake II RTX ya 2019, imene inawalitsa mwatsopano gemu ya 1997 kudzera mu Vulkan, inatheka chifukwa malo a gemu yakaleyo ali ndi mathirayango ochepa. Cyberpunk 2077 inalandira path tracing mu 2023, koma imafuna GPU yamphamvu pamodzi ndi kusefa ndi kukulitsa chithunzi.

Lusoli lafikanso pa mafoni. Exynos 2200 ya Samsung ndi Snapdragon 8 Gen 2 ya Qualcomm zinatuluka mu 2022 zili ndi tizigawo ta ray tracing, ndipo Apple inatsatira mu 2023 ndi A17 Pro ya mu iPhone 15 Pro. Pa Android njira yofikira tizigawoti ndi Vulkan, makamaka ray query. Mafoni ambiri alibe fani ndipo onse amadalira batire, choncho mzere uliwonse woponyedwa umadya moto ndi kuwonjezera kutentha. Wolemba pulogalamu ya pa foni amasankha malo ochepa amene diso lingazindikire kusiyana, monga mthunzi wa pansi pa phazi kapena chithunzi cha m'chithaphwi, n'kuponya mizere yake pamenepo, kwinako n'kusiyira rasterization.